Munthu wa msunamo umamugwira pakamwa: Darcy, Rochester, Heathcliff ndi anzawo

Pa maliro kapena pa chinkhoswe sipalephera bambo mmodzi wokhala kumbali, chipewa chili pabondo, nkhope ili ndwii. Ena akuseka, iye ayi. Anthu amayamba kunong'onezana: wina akuti ndi matama, wina akuti pali chimene chikumudya, wina akuti ndi mmene anabadwira. Onse akungopenekera, poti mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Koma bamboyo akangotsegula pakamwa, ngakhale kupempha madzi akumwa, amene ali ndi makutu amatolapo kanthu.

Alembi a nthano zazitali a zaka za m'ma 1800 ankamukonda munthu wotereyu, ndipo onse ankakumana ndi vuto limodzi. Mwininkhani wa msunamo sanena za kukhosi. Nanga wowerenga amudziwa bwanji? Kungolemba kuti anali wokwiya ndi wosweka mtima n'kosathandiza, wowerenga amangodutsapo. Chimene chimagwira n'kumupatsa kayankhulidwe kamene kazimuulula mwiniwake asakufuna. Pano ndayika pamodzi njira 6 zimene alembi osiyanasiyana anatsata. Ndikulembera amene akufuna kusankha buku loyamba nalo, komanso amene akulemba nkhani zawo m'Chichewa ndipo ali ndi bambo wandwii amene akuwakanika kumuyankhulitsa. Njirazi sindizikonda mofanana, ndipo sindibisa.

Darcy: pakamwa pouma, cholembera chothamanga

Jane Austen anatulutsa *Pride and Prejudice* mu 1813. Darcy ndi mwinichuma wa mapaundi 10,000 pachaka, ndipo mawu oyamba amene timamukumbukira nawo ndi achipongwe. Pa dansi ya ku Meryton mnzake Bingley akumuuza kuti avine ndi Elizabeth Bennet, iye n'kuyankha kuti mtsikanayo n'ngooneka bwino pang'ono chabe, sanafike poti n'kumukopa. Elizabeth ali pafupi, wamva zonse.

Kuyambira pamenepo Austen amamuwerengera mawu ngati ndalama. Elizabeth atakhala masiku angapo ku Netherfield, kunyumba kwa Bingley, posamalira mkulu wake wodwala, tsiku Loweruka lonse Darcy sanamuyankhule mawu okwana 10, ndipo atasiyidwa awiriwiri kwa theka la ola maso ake sanachoke pabuku. Wina akhoza kuti n'kunyoza. Austen amatiuza kuti bamboyo anachita dala, chifukwa mtsikanayo anali atayamba kumukopa kuposa mmene ankafunira. Kukhala chete kwake kunali mpanda wodzitchingira yekha.

Akati ayankhule, mawu ake amatuluka atavala jekete. Bingley amamuseka kuti polemba kalata amachedwa n'kufunafuna mawu a maphatikizo 4. Ku Rosings iye mwini akuvomera kuti alibe luso locheza ndi anthu amene sanawaonepo, Elizabeth n'kumubwezera kuti nayenso zala zake siziyenda bwino pa piyano chifukwa sayeserera, basi. Pofunsira ukwati koyamba ku Hunsford, ziganizo zoyamba n'zazifupi, zaphuma, za munthu amene dzanja lamuterereka. Zikangotha zimenezo amabwerera m'jekete lake n'kuyamba kufotokoza mmene banja la mtsikanayo lilili lotsika, ndipo apa Austen samupatsanso mpata woti timumve mwachindunji, amangotifotokozera yekha mwachidule. Akanidwa. M'mawa mwake akubwera ndi kalata ya mapepala 2 olembedwa mothithikana, ndi pepala lokutira lomwe lodzaza. Munthu amene sankakwanitsa mawu 10 uja watulutsa mawu ochuluka chonchi, oyalidwa bwino mfundo ndi mfundo, oyamba mowawa n'kuthera pa kumufunira mtsikanayo madalitso a Mulungu.

Pamene ndimapakonda kwambiri ndi ku Pemberley, kwawo kwa Darcy ku Derbyshire. Akumana mwadzidzidzi, ndipo bambo wa mawu osankhidwa uja akungobwerezabwereza mafunso omwewo, kuti munachoka liti kwanu ku Longbourn, mukhala masiku angati kuno. Kusokonekera kumeneku kumatiuza za chikondi chake kuposa mawu ofunsira aja. Mayi woyang'anira nyumba, a Reynolds, amene anamudziwa ali ndi zaka 4, akuchitira umboni kuti sanamvepo liwu lokalipa kuchokera kwa iye.

Ubwino wa njirayi ndi woti sifuna imfa, mizukwa kapena moto; chipinda chochezera ndi anthu ochepa n'zokwanira. Imalipiritsa m'zinthu ziwiri. Wowerenga ayenera kupirira kudana ndi mwininkhani mpaka pakati pa buku. Ndipo pafunika mnzake wa lilime lakuthwa ngati Elizabeth woti azimutokosa, apo ayi nkhani imangoti zii.

Rochester: kubisala m'mawu ambiri

Anthu ambiri amaganiza kuti wa msunamo ndi wosayankhula. Edward Rochester wa mu *Jane Eyre*, limene Charlotte Brontë anatulutsa mu 1847 pa dzina lobisalira la Currer Bell, amatsutsa zimenezo. Uyu ndi wolongolola. Timayamba kumumva akutukwana atagwa ndi kavalo pamsewu woterera, ndipo akafika kunyumba kwake ku Thornfield mawu ake ndi olamula okhaokha: khala apa, sendeza mpando, yankhula. Akufunsa Jane, mphunzitsi wa mwana amene amamulipira mapaundi 30 pachaka, ngati akumuona kuti ndi wokongola. Jane akuti ayi, bwana. M'malo mokwiya, bwanayo akusangalala, ndipo pomwepo timadziwa kuti watopa ndi anthu omuvomereza zilizonse.

Mayi Fairfax, woyang'anira nyumbayo, anamuchenjeza kale Jane kuti bwanayu akamayankhula sudziwa ngati akuseleula kapena akunenetsa. Chida chake n'chimenecho. Amafotokoza mosabisa nkhani yochititsa manyazi ya chibwenzi chake cha ku Paris, Céline Varens, mayi wa Adèle, mwana amene Jane akumuphunzitsa, mpaka wowerenga kuganiza kuti munthu womasuka chonchi alibe china chobisa. Chonsecho m'chipinda chapamwamba cha nyumba yomweyo muli mkazi wake wa ukwati, Bertha Mason wa ku Jamaica, wotsekeredwa chifukwa cha misala. Amaulula chinsinsi chaching'ono kuti chachikulu chisaoneke. Akayandikira nkhani yeniyeni amayamba kuyankhula mophiphiritsa, za cholakwa china chake cha ubwana, za ufulu wake wofuna chisangalalo, osatchula kanthu.

Masewera ake ena ndi ankhanza. Amavala ngati mayi wolosera zam'tsogolo kuti amve za mumtima mwa Jane popanda iye kuulula zake. Usiku wofunsira ukwati amayamba n'kumunamiza kuti akukwatira Blanche Ingram ndipo wamupezera ntchito ku Ireland, mpaka mtsikanayo kulira, ndiye kenaka n'kunena zoona. Taonaninso maina amene amamuyitana nawo: kamzimu, kambalame, tizinthu ting'onoting'ono tosakhala anthu. Amamukonda ndithu, koma lilime lake likumuchepetsa kuti akwane m'dzanja.

Kumapeto, nyumba itapsa, iye ali wakhungu ndi wopanda dzanja limodzi ku Ferndean, malamulo aja asanduka mafunso. Kodi ndiwedi? Kodi ukhala? Bambo wina uja unakumana naye utachoka kuno anali wooneka bwanji? Munthu yemweyo, liwu lomwelo, koma mathero a ziganizo atembenuka.

Kwa wowerenga, ili ndi buku lokoma kuyamba nalo chifukwa macheza ake ndi amoyo. Kwa wolemba ndi njira yovuta kuposa mmene imaonekera: uyenera kudziwa chinsinsi kuyambira tsamba loyamba, kuti chiganizo chilichonse chimveke mwanjira ina pochiwerenga koyamba ndi mwanjira inanso pochiwerenga kachiwiri. Pali chimene chimandiwawa m'bukuli. Mwamuna wapatsidwa masamba ndi masamba oti adzifotokoze, pamene Bertha sitimva mawu ake ndi limodzi lomwe kuchokera pakamwa pake, timangomva kuseka kwake usiku. Jean Rhys ndi amene anadzamupatsa pakamwa mu *Wide Sargasso Sea* mu 1966. Amene akutengera njira ya Rochester adzifunse kuti mawu ambiri a mwininkhani wake akutseka pakamwa pa ndani.

Heathcliff: temberero ndi pemphero pakamwa pamodzi

Chaka chomwecho cha 1847, mng'ono wake wa Charlotte, Emily Brontë, anatulutsa *Wuthering Heights*, nthano yaitali yokhayo imene analemba. Anamwalira chaka chotsatira ali ndi zaka 30. Heathcliff amalowa m'nkhani alibe chiyankhulo. Bambo Earnshaw anamutola m'misewu ya ku Liverpool, ndipo atamufikitsa kunyumba mwanayo ankangobwereza mawu amene panalibe wowamva. Ngakhale dzina anachita kumubwereka la mwana amene anamwalira. Hindley, mwana wa bambo Earnshaw, akamamumenya sankalira. Nelly Dean, wantchito amene amafotokoza mbali yaikulu ya nkhaniyi, akuti mwanayo ankayankhula zochepa kwambiri, ndipo kawirikawiri zinali zoona. Tsiku lina Nelly akumupeza ali duu, zigongono pamaondo, namufunsa chimene akuganiza. Yankho lake: akukonza mmene adzabwezerere Hindley, ndipo kudikira nthawi yaitali sikumuvuta. Catherine yemwe, mlongo wa Hindley amene Heathcliff ankamukonda, atayamba kuzolowera macheza a kwa a Linton, banja lolemera loyandikana nawo, akumudandaulira kuti kukhala naye kuli ngati kukhala ndi wosayankhula kapena khanda.

Atamva Catherine akunena kuti kukwatiwa naye kungamutsitse, anasowa zaka 3. Anabwera atavala bwino, akuyankhula Chingerezi cha mabwana. Apa pali luso limene ambiri saliona. M'nyumba yomweyo muli Joseph, wantchito wokalamba woyankhula chiyankhulo chakumudzi cha ku Yorkshire chovuta kuwerenga, pamene wotoledwa uja mawu ake ndi osalala. Chiyankhulo chimene anamanidwa anachitenga n'kuchisandutsa chikwapu, ndipo pobwezera analera Hareton, mwana wa Hindley, osamuphunzitsa kuwerenga, n'kumuphunzitsa kutukwana. Anamuchita zimene iye anachitidwa.

Kwa alendo ndi wouma. Lockwood, mlendo wochita lendi nyumba yake ina, atamufunsa ngati ndiye bambo Heathcliff, yankho linali kugwedeza mutu, ndipo mawu omulowetsa m'nyumba anatuluka mano atalumana. Pasanathe masiku, Lockwood yemweyo akumuona usiku atatsegula zenera, akulira, akupempha Catherine amene anafa kalekale kuti alowe. Pakati pa awiriwa palibe Heathcliff wachitatu wocheza bwinobwino. Catherine atamwalira akumenyetsa mutu pamtengo, ndipo pemphero lake ndi loti mkaziyo asapume, amuzunze, amupengetse, bola asamusiye yekha. Sungasiyanitse pamene pathera chikondi ndi pamene payambira temberero.

Palinso chotchinga china: sitimumva tokha. Nelly akuuza Lockwood, Lockwood akutilembera ife. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo Nelly ali ndi maganizo akeake pa Heathcliff. Zimenezi zimasiya mpata woti tizikayika, ndipo mpatawo ndi umene umamukulitsa.

Njirayi ndi yamphamvu kuposa zonse, komanso ndi imene ndimachenjeza nayo. Owerenga ambiri amatengeka ndi kulira kwa pazenera kuja n'kuiwala kuti bambo yemweyu anapachika galu wa Isabella, mtsikana wa kwa a Linton amene anamukwatira, tsiku lomwe ankathawa naye, ndipo pambuyo pake ankadzitama pamaso pake kuti sanamunamizepo kuti amamukonda. Emily Brontë sanabise nkhanzazo. Otengera ake ndi amene amazibisa, n'kutulutsa nkhani zophunzitsa atsikana kuti mwamuna wowopseza ndiye wokonda kwambiri. Ukatenga moto wa Heathcliff, tenganso ndi galu wopachikidwayo.

Ahab, mwachidule

Kaputeni Ahab wa mu *Moby-Dick* ya Herman Melville, ya mu 1851, saoneka mpaka mutu 28. Tisanamuone timangomva za iye. Akatulukira amayankhula ngati mlaliki wa chitsitsimutso. Akhomerera ndalama ya golide pamlongoti wa sitima ya Pequod, afunsa mafunso amene amalinyero akuyankha mofuula onse pamodzi, mpaka onse alumbira kusaka namgumi woyera amene anamudula mwendo. Wachiwiri wake Starbuck atamuuza kuti kubwezera nyama yosayankhula n'kuchitira Mulungu mwano, iye akuti angamenye ngakhale dzuwa litamunyoza. Amayankhula Chingerezi chakale cha m'Baibulo cha Akweka, gulu lina la Akhristu, a ku Nantucket, ndipo nthawi zina amadzitchula dzina ngati akunena za munthu wina. Kusaka komaliza kusanayambe liwu lake limatsika, n'kuuza Starbuck za zaka 40 zimene wathera panyanja ndi za mkazi wachitsikana amene anamusiya kumtunda, n'kupempha kuti ayang'ane m'diso la munthu. Ndime imeneyo imagwira mtima chifukwa cha mabingu onse a m'mbuyo. Koma njirayi imafuna nyanja ndi mitu 135. Ukayiyika m'nkhani ya masamba 5 ya bambo wokwiya ndi mlamu wake pa nkhani ya munda, anthu aseka.

Raskolnikov: wodziyankhulira, ndi nkhani ya iwe ndi inu

Mu *Crime and Punishment* ya Fyodor Dostoevsky, ya mu 1866, wowerenga salinso panja pa mpanda. Tili m'mutu mwa wophunzira wosauka wa ku St Petersburg amene amayenda m'misewu akung'ung'udza yekha mpaka odutsa kumuyesa woledzera. Kumayambiriro komwe akudzidzudzula kuti amalongolola kwambiri, n'chifukwa chake sachita kanthu. Kenaka achita: apha ndi nkhwangwa mayi wokalamba wobwereketsa ndalama, Alyona Ivanovna, ndi mng'ono wake Lizaveta.

Ali ndi malilime awiri. Pofotokozera wofufuza milandu Porfiry mfundo yake yoti pali anthu apadera ololedwa kudumpha lamulo, amayankhula mwadongosolo ngati mphunzitsi. Nkhani ikangokhudza magazi enieniwo ziganizo zimaduka, amabwereza mawu, amaseka posayenera. Mnzake Razumikhin akuti zili ngati mwa iye muli anthu awiri osiyana amene amasinthana. Pamalo ena omwera tiyi akufunsa kalaliki wa kupolisi Zamyotov kuti, bwanji zitakhala kuti ndine ndinapha? Akufuna kubisa, akufunanso kugwidwa. Ngakhale poulula kwa Sonya, mtsikana wosauka amene wayamba kumukhulupirira, satha kunena. Amamuuza kuti alote yekha.

Pano pali chinthu chimene ife a Chichewa tingachimve bwino kuposa wowerenga Chingerezi. Chirasha chimasiyanitsa iwe ndi inu monga momwe ife timachitira. Raskolnikov amayamba ndi kumutchula Sonya kuti inu. Atagwada n'kumupsompsona phazi, akunena kuti sanagwadire iye koma masautso onse a anthu, ndipo apo akumuti iwe. Tsiku la kuulula ndi Sonya amene amasintha: atazindikira chimene chachitika akufuula kuti mwadzichita chiyani, akadali pa inu, ndipo posakhalitsa, atamukumbatira, akuti palibe womvetsa chisoni padziko lonse kuposa iwe. M'Chingerezi cha masiku ano mawu awiriwo ndi amodzi, ndiye kusinthako kumasowa. Ife chida chimenechi tili nacho m'manja.

Choipa cha njirayi n'choti imatopetsa. Kukhala m'mutu wa munthu wotentha thupi masamba mazanamazana si aliyense angakwanitse, ndipo wolemba wosasamala amathera pa mwininkhani amene amangodandaula osachita kanthu.

Okonkwo: chibwibwi pakati pa eni miyambi

*Things Fall Apart* ya Chinua Achebe ndi ya mu 1958, yaing'ono kwa enawa ndi zaka pafupifupi 100, koma sindingayisiye, chifukwa ndi imene inathetsa vutoli m'dziko lofanana ndi lathu. Achebe amatiuza msanga zinthu ziwiri. Kwa Aigbo a ku Nigeria luso locheza ndi lolemekezeka kwambiri, ndipo miyambi ndiyo mafuta odyera mawu. Chachiwiri, Okonkwo ali ndi chibwibwi pang'ono, ndipo akakwiya, mawu akachedwa kutuluka, amagwiritsa ntchito zibakera. Taganizani munthu wotero pabwalo la milandu kwathu kuno, pamene amene amadziwa kuponya mwambi pamalo pake ndiye amawina. Bambo ake a Unoka, amene iye ankachita nawo manyazi, anali a pakamwa potsekemera, oyimba chitoliro, odziwa kuzemba angongole ndi nthabwala. Mwana anadana ndi zonse za bambo ake, kuphatikizapo kukoma pakamwa.

Sikuti satha kuyankhula. Ali mnyamata, popita kukapempha mbewu ya zilazi kwa Nwakibie, anayankhula mwaulemu, naponya mwambi wa buluzi amene anadumpha kuchokera mumtengo wautali n'kunena kuti adziyamikira yekha ngati ena samuyamikira. Ankayembekezera zilazi zosapitirira 400, anapatsidwa 800. Lilime limamuthawa pokhapokha pamene mtima wafewa kapena wapsa. Pamsonkhano wina munthu wopanda udindo atamutsutsa, anangoti msonkhanowu ndi wa amuna, osamuyang'ana n'komwe, mpaka akuluakulu anamudzudzula, iye n'kupepesa. Mwana wake wamkazi Ezinma amamukonda kwambiri, koma chimene amatha kunena n'choti akanakhala mnyamata, ndipo kwa mwanayo amangomukalipira kuti akhale ngati mkazi. Usiku umene Ezinma anatengedwa ndi wansembe Chielo, Okonkwo anapita kukamufuna kuphanga la mulungu wawo maulendo 4 osauza munthu. Chikondi chake chili m'miyendo.

Ikemefuna, mnyamata amene anakhala kwawo zaka 3 n'kumamutcha bambo, anamutsiriza yekha ndi chikwanje poopa kuoneka wofooka. Anakhala masiku 2 osadya, ndipo mawu amene anadziuza anali odzinyoza kuti wasanduka liti nkhalamba yaikazi yonjenjemera. Ngakhale kwa iye mwini alibe chiyankhulo china cha chisoni.

Pamsonkhano womaliza kwawo ku Umuofia, amesenjala 5 a khoti atafika, Achebe akuti Okonkwo anayima patsogolo pa mkulu wawo akunjenjemera ndi chidani, mawu osatuluka. Chimene anakwanitsa ndi funso limodzi, loti mukufuna chiyani kuno, ndipo ndiwo mawu omaliza amene timamumva. Chikwanje chinatsiriza chiganizocho. Atadzipachika, mnzake Obierika ndi amene akumuyankhulira, nayenso mawu n'kumutsamwa, pamene DC wachizungu akuganiza kuti moyo wa munthuyu ungakwane ndime imodzi m'buku limene akulemba.

Nanga nditenge iti?

Ngati mukufuna buku loti muyambe nalo ndipo Chingerezi chakale chimakutopetsani, yambani ndi Achebe, kenaka *Jane Eyre*. Austen amafuna khutu lozolowera, chifukwa chipongwe chake chimabwera mwaulemu. *Wuthering Heights* amasokoneza ndi maina obwerezabwereza ndiponso chiyankhulo cha Joseph, koma mukadutsa mitu yoyambirira salola kumuyika pansi. Melville ndi Dostoevsky asungireni nthawi imene muli ndi mpata wokwanira.

Kwa wolemba funso ndi lina: mwininkhani wanu akubisa chiyani, ndipo akubisira ndani? Wobisa manyazi ndi mantha okanidwa amayenda bwino ndi njira ya Darcy. Wobisa mlandu kwa munthu amene amamukonda ndi wa Rochester. Wobisa mlandu umene akufunanso kuulula ndi wa Raskolnikov. Heathcliff sabisa zambiri, amangodikira, ndipo amafuna wofotokoza nkhani amene akumuopa. Pa onse 6 ndaona kuti chimene ndimakumbukira ndi pamene kayankhulidwe kathyoka: Darcy akubwereza funso lomwelo ku Pemberley, Rochester akufunsa m'malo molamula, Ahab akutsitsa liwu. Choncho mumayamba mwamupatsa munthu wanu chizolowezi cholimba cha pakamwa, n'kuchisunga masamba ambiri osachiphwanya, kuti tsiku lothyoka limveke.

Ineyo ndikanati ndilembe lero m'Chichewa, ndikanatenga za Achebe n'kuphatikiza ndi za Dostoevsky. Kwathu munthu wachete amaonekera msanga, chifukwa moni wokha ndi wautali. Woyankha kuti ndili bwino osabweza kuti kaya inu wanena kale zambiri. Ndikanalemba bambo amene kwa zaka 20 za ukwati amangoti inu amake mwana, madzi, inu amake mwana, ndapita. Pamudzi amamudziwa kuti sapereka mwambi, sakhalitsa pa bawo, pamaliro amakumba manda n'kuchoka nsima isanabwere. Ndikanamusunga choncho mpaka usiku wina m'chipatala, mkaziyo ali pabedi, anamwino atatuluka, iye atakhala pansi pambali pake ndi kapu ya phala limene lazizira. Pamenepo ndi pamene ndikanamulola kumuyitana dzina lake la ubwana, limene ana awo sanalimvepo, n'kunena kuti iwe, tadzuka umwe.